KACHIZINDIKIRO KA PA CHIKUTO CHA PASIPOTI: KODI KAMATILONDOLA?



Lachisanu lina titangotuluka mu mzikiti pano pa boma la Rumphi, bambo ena achikulire a cha ku Bolero anandikokera pambali. Bambowa ndi mlimi wa fodya, ndipo akhala akusunga ndalama chaka ndi chaka kuti, Allah akalola, adzakafike ku Makka kukachita Hajj. Anapisa m'thumba la mkanjo natulutsa pasipoti yatsopano imene anali atangokatenga ku Mzuzu. Anandiloza kachizindikiro kamene kali chakumunsi kwa chikuto chake, kooneka ngati kabokosi kokhala ndi kampira pakati.

"A Mwalimu, inu sukulu munapita nayo patali," anatero. "Adzukulu anga akuti m'bukumu muli kachipangizo kamene kamauza boma paliponse pamene ndili, ngakhale ndikhale m'chigafa ndikusoka fodya. Mnzanga wina wandilangiza kuti ndikamenye ndi hamala kamodzi kokha, kafe. Inu mukuti bwanji?"

Ndinawayankha kuti, "Adada, hamalayo yambani mwaisiya. Mundipatse masabata awiri." Ku koleji ife tinaphunzira Chiarabu ndi malamulo a chipembedzo, za magetsi ayi, kotero ndinafunika kufunsa kwa odziwa ndi kuwerenga. Zimene ndinapeza ndaona kuti ndi bwino ndigawane nanu, pakuti masiku ano ndi mabanja ochepa amene alibe wina wosunga pasipoti: kaya ndi mwana wa ku Joni, kaya ndi mayi wokapikula katundu ku Mbeya ndi ku Dar es Salaam, kaya ndi mnyamata wopita kukaphunzira kunja.

Kanthu kopanda batire

Pa mfundo imodzi adzukuluwo sananame: kachipangizoko kalimodi. Dziko la Malawi linayamba kupereka mapasipoti otere m'chaka cha 2020, ndipo chizindikiro chija n'chimodzimodzi pa dziko lonse. Kulikonse kumene mungachione chikunena kuti m'bukumo muli kachipu. Kachipuko n'kakang'ono ngati njere ya mpunga, ndipo kamalumikizidwa ku waya wopyapyala ngati tsitsi amene amamuzunguliza kangapo monga nkhata. Zonsezi amazimata m'kati mwa chikuto, kapena m'tsamba lolimba lija lokhala ndi chithunzi, malinga ndi mmene dziko lililonse lakonzera. Batire mulibe. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa.

Luso limeneli pa Chingerezi amalitcha Radio Frequency Identification, mwachidule RFID, kutanthauza kuzindikira chinthu pogwiritsa ntchito mafunde a wailesi. Pamafunika zinthu ziwiri: kachipu kamene kasunga uthenga, ndi makina amene amakafunsa.

Nanga chinthu chopanda batire chingayankhule bwanji? Amene munakwerapo njinga yokhala ndi dayinamo mukudziwa kuti nyali yake imayaka popanda batire. M'kati mwa dayinamo muli maginito ndi waya wokulungiza. Tayala likamazungulitsa maginitoyo, mphamvu yake imasinthasintha pafupi ndi wayayo, ndipo m'wayamo mumabadwa magetsi ngakhale kuti awiriwo sakukhudzana. Amene anatulukira zimenezi ndi Michael Faraday wa ku England m'chaka cha 1831. Mathiransifoma a ESCOM amene mumawaona pa mitengo amagwira ntchito mwa njira yomweyi: nkhata ziwiri za waya, imodzi kupatsira inzake magetsi popanda kugundana.

Tsono makina owerengera pasipoti amene amakhala pa tebulo la ofesala wa Immigration ali ndi nkhata yawo ya waya. M'nkhatamo mumayenda magetsi opita uku ndi uku ka 13,560,000 pa sekondi imodzi, zimene akatswiri amalemba kuti 13.56 MHz. Pasipoti ikaikidwa pamenepo, nkhata yake imatapako mphamvu, kachipu kaja n'kudzuka.

Kuyankha kwake ndiye kumene kunandidabwitsa, chifukwa kalibe mphamvu yoponyera mafunde akeake. Kuno kwathu timadziwa kuti wina akayatsa makina owotcherera zitsulo, mababu a nyumba zoyandikana naye amaphethira. Ngakhale simukumuona mumadziwa kuti wayamba ntchito, akasiyanso mumadziwa. Kachipu kamachita chimodzimodzi. Kamakoka mphamvu yambiri, kenaka yochepa, motsatizana mwamsangamsanga, ndipo makinawo amamva kukokako n'kukusandutsa manambala a 0 ndi 1. Manambalawo ndi amene kompyuta imawasandutsa dzina, tsiku lobadwa ndi chithunzi cha mwini wake.

Mphamvu yopatsirana chotere imazilala msanga chinthu chikatalikira. Anaipangira mtunda wa masentimita pafupifupi 10, ngati m'lifupi mwa chikhatho cha munthu wamkulu. Mukangochotsa pasipoti pa makinapo kachipu kamagona, ndipo kamakhala chigonere ngakhale zaka zisanu, mpaka tsiku limene kadzayandikirenso makina ena.

Kuti muone kusiyana kwake ndi chipangizo cholondolera chenicheni, ganizani za njovu za kwathu kuno. Mu 2017 njovu 34 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kubwera ku Nyika. Oyang'anira nyama zakutchire akafuna kudziwa kumene gulu la njovu likuyenda, amasankhapo imodzi kapena ziwiri n'kuziveka lamba wa m'khosi wolemera makilogalamu angapo. M'lambamo muli mabatire akuluakulu, chifukwa amayenera kumva masetilaiti a GPS ndi kutumiza uthenga kutali usana ndi usiku, ndipo pakapita zaka zingapo mabatirewo amatha. Ndiye ngati kulondola njovu kumalira katundu wotere, kanjere kopanda batire ka m'chikuto cha buku kangalondole bwanji munthu m'chigafa cha ku Bolero?

Chimene chimaululadi dera limene munthu ali ndi foni ya m'manja. Ili ndi batire, ndipo nthawi ndi nthawi imalankhulana ndi nsanja ya kampani imene ili pafupi, apo ayi sibwenzi ikulira wina akakuimbirani. Adzukulu aja ankachenjeza agogo awo za pasipoti uku aliyense foni ili m'manja. Za pasipoti, chimene boma limadziwa ndi chakuti pa tsiku lakuti munadutsa pa chipata cha Songwe kapena pa bwalo la ndege la Kamuzu. Zimenezi linkazidziwa kale pa nthawi ya chidindo ndi kaundula wolemba pamanja.

Luso limeneli si la dzana. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse asilikali a ku Britain anali ndi makina a radar oona ndege zili kutali, koma ankavutika kusiyanitsa zawo ndi za mdani. Choncho anaika m'ndege zawo chipangizo choyankha chikafunsidwa ndi mafunde ochokera pansi. Mu 1948 Harry Stockman analemba za njira yotumizira uthenga pobweza mafunde ochokera kwa wina, ndipo mu 1973 Mario Cardullo analandira ku America chikalata cha umwini wa kachipangizo kotapa mphamvu m'mafunde n'kusunga uthenga. Dziko loyamba kuika chipu m'pasipoti linali Malaysia, mu 1998. Koma poti linatsogola lokha, makina a maiko ena ambiri sankatha kuwerenga machipu akewo, mpaka mu 2010 pamene Malaysia inayamba kupereka mapasipoti otsata zimene maiko anagwirizana. Apa ndi pamene nkhani ya miyezo ikulowera.

Ndowa ndi sikelo

Pa msika wa Rumphi mukamagula chimanga pa ndowa, mumayamba mwasuzumira ngati ndowayo sinaponderezedwe kunsi. Ndowa ya uyu ndi ya uyo sizifanana. Koma kilogalamu ndi imodzi, pa Rumphi, pa okushoni ya fodya ku Mzuzu, ngakhale ku Tokyo, chifukwa maiko anagwirizana za kulemera kwake. N'chifukwa chake a Malawi Bureau of Standards, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1972, amayendera masikelo a ochita malonda. Muyezo ndi pangano lolembedwa, loti chinthu chipangidwe mofanana kulikonse kuti anthu osadziwana athe kukhulupirirana.

Bambo a ku Bolero aja akadzanyamuka, pasipoti yawo idzawerengedwa ku Lilongwe, mwina ku Addis Ababa posintha ndege, kenaka ku Jeddah kapena ku Madina. Makina a m'malo amenewa anapangidwa ndi makampani osiyana, m'maiko osiyana, m'zaka zosiyana. Kuti onse amve kachipu kamodzi, pali mapangano awiri akuluakulu amene aliyense amatsata.

Loyamba ndi la mabungwe awiri a ku Geneva: ISO, limene linayamba mu 1947 ndipo a Malawi Bureau of Standards ndi amene amaimira dziko lathu kumeneko, ndi IEC, loona za magetsi. Muyezo wawo umatchedwa ISO/IEC 14443. Umanena za kulimba kwa khadi, za mafunde aja a 13.56 MHz ndi mphamvu yake, za mmene makina ndi chipu zimayambira kulonjerana, ndiponso za mmene uthenga umadulidwira m'zigawo potumiza. Muli ngakhale lamulo la chochita machipu awiri akayankha nthawi imodzi. Ife aphunzitsi vuto limeneli timalidziwa: ukafunsa funso ana khumi n'kuyankha pamodzi, sumva chilichonse, ndiye umati onse akhale chete, n'kuitana mmodzimmodzi. Makinawo amatero ndithu, amasankha chipu chimodzi ndi nambala yake, china n'kudikira. Musaganize kuti pa misonkhano ya akatswiri sipakhala kukokana. Muyezowu unatuluka ndi njira ziwiri zolankhulirana, A ndi B, ndipo makina owerengera mapasipoti amayenera kumva zonse ziwiri.

Pangano lachiwiri ndi la ICAO, nthambi ya United Nations yoona za maulendo a pa ndege, imene likulu lake lili ku Montreal m'dziko la Canada. Inachokera ku msonkhano wa ku Chicago wa mu 1944, ndipo Malawi ndi membala. Chikalata chake chotchedwa Doc 9303 ndi chimene chimanena kukula kwa pasipoti, maonekedwe a tsamba la chithunzi, chizindikiro chija cha pa chikuto, ndi zoyenera kulembedwa m'chipu. ICAO yomweyi ndi imene inaika tsiku la 24 Novembala 2015 kukhala malire a mapasipoti akale osawerengeka ndi makina.

M'chipumo mumalembedwa zomwezo zimene zili pa tsamba: dzina, dziko, tsiku lobadwa, nambala ya pasipoti, tsiku lothera ntchito, ndi chithunzi cha nkhope. Chithunzi ndiye chokakamizidwa kwa onse. Zidindo za zala ndi maonekedwe a diso, dziko lililonse limasankha lokha kuika kapena ayi. N'chifukwa chake pojambulitsa amaumirira kuti muyang'ane kutsogolo, osamwetulira, nkhope yonse ioneke kuyambira pachipumi mpaka kuchibwano. Malamulo a ICAO a chithunzi amalola chovala cha kumutu chovalidwa chifukwa cha chipembedzo, malinga nkhope isaphimbike.

Kiyi yake ili pa tsamba

Tsegulani pasipoti yanu pa tsamba la chithunzi muyang'ane kumunsi. Muona mizere iwiri ya zilembo, manambala ndi tizizindikiro tooneka ngati mivi. Mzere uliwonse uli ndi malo 44, ndipo mu woyambawo mupeza MWI, chimene ndi chidule cha Malawi pa miyezo ya dziko lonse. Manambala ena m'mizeremo sanena chilichonse cha inu. Ndi alonda chabe: amapezeka pochulukitsa manambala enawo ndi 7, 3 ndi 1 mobwerezabwereza, kotero kuti makina akawerenga molakwa nambala imodzi masamuwo sagwirizana, ndipo amabwereza.

Mizere imeneyi ndiyo kiyi ya chipu. Pamene mapasipoti otere ankayamba, ofufuza anasonyeza kuti munthu wokhala ndi eriyo yaikulu angathe kudzutsa chipu ali patali pang'ono kuposa masentimita 10 aja, kapena kumvetsera mobisa pamene chipu chikulankhula ndi makina. Choncho mantha a anthu sanali opanda pake, ndipo ndi amene anachititsa kuti paikidwe loko. Lero chipu chotetezedwa sichitulutsa dzina kapena chithunzi kwa wofunsa aliyense. Ofesala amayamba watsegula bukulo, makina n'kuwerenga mizere ija ndi kamera. Pa nambala ya pasipoti, tsiku lobadwa ndi tsiku lothera ntchito, makinawo amapanga kiyi, ndipo chipu chikaona kuti kiyiyo ndi yoona m'pamene chimatsegula, uthengawo n'kuyenda wobisika. Njira yoyamba inkatchedwa Basic Access Control, ndipo pambuyo pake panabwera ina yolimba kwambiri yotchedwa PACE. Tanthauzo lake kwa inu ndi ine n'lakuti munthu wokhala nanu mpando umodzi m'basi ya ku Songwe sangakusololeni dzina ndi chithunzi m'pasipoti yotseka.

Komanso tanthauzo lina, limene ine ndikuliona lofunika kuposa, n'lakuti chinsinsi chanu chili pa tsamba looneka ndi maso lija. Achinyamata athu ambiri amajambula tsambali ndi foni n'kulitumiza pa WhatsApp kwa munthu amene sanamuonepo, amene walonjeza ntchito ku Johannesburg kapena ku maiko a Aluya. Ameneyo safunikanso kuvutika ndi chipu. Mwamupatsa nokha dzina, nkhope, nambala ndi tsiku lobadwa. Tikuopa khomo lokhoma ndi loko, zenera titalisiya pululu.

Chinthu china chimene miyezoyi inabweretsa ndi chidindo cha masamu. Boma likalemba uthenga m'chipu, limaudinda ndi nambala yachinsinsi imene lili nayo lokha, ndipo maiko ena amapatsidwa nambala inzake yongotsimikizira chidindocho. ICAO ili ndi nkhokwe imene maiko olowamo amasinthanirana manambala otsimikizirawa. Wina akasintha chilembo chimodzi kapena chithunzi, chidindocho sichigwirizananso ndi uthengawo. Kale akamberembere ankamatula chithunzi n'kumatapo china. Lero atha kunyenga diso, koma nkhope ya m'chipu imatsalabe ya mwini wake.

Tsono hamala ija ikanachita chiyani? Ikanathyola chipu kapena kudula kawaya, boma osataya kalikonse. Wotaya akanakhala bambowo. Chipu chikafa chokha, ofesala angathe kuyang'ana pasipotiyo ndi maso monga kale, ngakhale kuti mumachedwa ndi mafunso. Koma buku looneka kuti lawonongedwa dala angathe kulikana pa chipata, ndipo munthu amene wasunga ndalama zaka zambiri n'kubwerera pa bwalo la ndege anzake akukwera.

Ndinenenso kuti pamene zinthu zinavutadi m'dziko muno sipanali pa chipu. Kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti inaima kwa masabata angapo, ndipo mu Febuluwale chaka chomwecho a Lazarus Chakwera, amene anali Pulezidenti pa nthawiyo, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makompyuta a nthambi ya Immigration analowedwa ndi mbava za pa kompyuta zimene zinkafuna dipo. Ambiri amene anali ndi maulendo anagwira njakata. Funso loyenera kufunsa atsogoleri athu ndi la mmene akusungira kaundula wamkuluyo, ndi amene ali ndi makiyi ake.

Ng'ombe ndi kaunjika

Pasipoti ndi mtundu umodzi chabe. Machipu a RFID amasiyana malinga ndi liwiro la mafunde ake, ndipo mtundu uliwonse uli ndi ntchito ndi muyezo wake.

A ziweto amagwiritsa ntchito mafunde odekha a 134.2 kHz, ndiye kuti ka 134,200 pa sekondi. Mafunde otere amadutsa bwino m'thupi, m'madzi ndi m'matope. Miyezo yake ndi ISO 11784 ndi ISO 11785, ndipo imapatsa chiweto chilichonse nambala ya madijiti 15. Atatu oyamba amaimira dziko kapena kampani yopanga chipucho, ndipo nambala ya Malawi pa mndandanda wa maiko ndi 454. Chipucho amachiika m'ndolo ya pulasitiki ya pakhutu, kapena kubaya pansi pa chikopa ngati mmene amachitira ndi agalu ndi akavalo. Dziko la Botswana, pofuna kupitiriza kugulitsa nyama ku Ulaya kumene amafuna mbiri ya ng'ombe iliyonse, linayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 kumezetsa ng'ombe kachibulumwa kolimba kokhala ndi chipu, kamene kamakhazikika m'chifu moyo wonse wa ng'ombeyo. Patapita zaka linasintha n'kuyamba kugwiritsa ntchito ndolo, zimene mlimi angathe kuveka yekha.

Ndikaona ng'ombe za m'chigwa cha Henga ndi ku Hewe, kumene malire a Zambia ali pafupi, ndimaganiza za milandu imene imafika kwa mafumu, awiri akulimbirana ng'ombe imodzi, umboni wake uli wakuti "ili ndi banga pamphumi". Ndolo yokhala ndi nambala ikanathandiza. Koma tisadzinamize. Chipucho sichinena kumene ng'ombe yobedwa yapita, pakuti nachonso chilibe batire. Chimagwira ntchito pokhapokha ngati pa dibi, pa msika wa ng'ombe ndi pophera nyama pali makina owerengera ndi kaundula wosamalidwa bwino. Popanda zimenezo ndolo ndi chokongoletsera chabe.

Mtundu wina amayi ena mwakumana nawo kale osadziwa. Mukagula malaya pa kaunjika, yang'anani timapepala ta nsalu tosokedwa m'mbali. Kena kamakhala kokhuthalako, ndipo mukakayang'ana pa dzuwa muona mizere ya siliva yokhotakhota ndi kadontho pakati. Si mankhwala, si chithumwa. Ndi chipu cha mafunde othamanga, pakati pa 860 ndi 960 MHz, chimene makampani a zovala monga Decathlon ya ku France amaika kuti aziwerengera katundu. Chimagwira ntchito ngati chonyezimira cha kumbuyo kwa njinga, chimene chilibe batire koma chimawala galimoto ikachiunika: chimabweza mafunde a makinawo chitawasintha pang'ono. Chimamveka pa mtunda wa mamita angapo, ndipo wogwira ntchito m'sitolo angathe kuwerenga zovala mazana pa kanthawi kochepa osatsegula katoni. Muyezo wake unatuluka mu 2004 pa dzina la EPC Gen2, ndipo lero umadziwikanso kuti ISO/IEC 18000-63. Kawirikawiri m'kati mwake mumangokhala nambala ya chovalacho, dzina la wogula mulibe. Komabe kunena chilungamo, mtundu uwu ndi umene umawerengeka patali ndipo nthawi zambiri ulibe loko ngati wa pasipoti. Ngati sukukusangalatsani, dulani kapepalako ndi sizasi. Malayawo sawonongeka.

Mtundu womwewu ndi umene umasonyeza kuti miyezo siyenda yokha popanda malamulo a dziko. Mafunde a wailesi ali ngati munda wa mudzi: aliyense akalima pamene wafuna pamabuka mkangano. Bungwe la ITU, la ku Geneva komweko, limagawa mafunde pakati pa zigawo za dziko lapansi, ndipo Africa ili m'chigawo chimodzi ndi Ulaya. Kuno kwathu amene amagawa ndi kuvomereza zipangizo zoponya mafunde ndi a MACRA, amene anakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1998. Ku America makina owerengera zovala ndi makatoni amagwira ntchito pa 902 mpaka 928 MHz, pamene ku Ulaya ndi pa 865 mpaka 868 MHz. Chigawo china cha mafunde a ku America aja ndi chimene mafoni a GSM 900 amagwiritsa ntchito kumbali ino. Choncho wamalonda amene akufuna kuitanitsa makina otere ayambe wafunsa ku MACRA, kuopa kugula chinthu chosokoneza mafoni a anzake.

Khadi la ku banki lokhala ndi timizere tinayi tokhota, limene mumangoligunditsa pa kamakina polipira, ndi m'bale wake wa pasipoti: mafunde omwewo a 13.56 MHz, muyezo womwewo wa 14443. Kachitsulo kagolide kooneka pa khadilo, kofanana ndi ka simu ya foni, ndi njira ina, yofuna kugundana ndi makina, ndipo muyezo wake ndi ISO/IEC 7816. Poti khadi logunditsa limalola kulipira ndalama zochepa popanda nambala yachinsinsi, likatayika thamangirani kuuza banki tsiku lomwelo. Mafoni ena amakono alinso ndi nkhata yomweyi, pa dzina la NFC.

Foni yotere ndi imene inandithandiza masabata awiri aja atakwana. Tinabwereka ya mphwanga, tinakhala pa khonde la madrasa ana ataweruka, ine ndi bambo aja. Choyamba ndinagunditsa foniyo pa pasipoti yotseka, ndipo sinatulutse dzina kapena chithunzi. Kenaka tinatsegula bukulo, foni inawerenga mizere iwiri ija ndi kamera yake, n'kutiuza kuti tiigunditse pa chikuto osagwedeza. Patapita masekondi angapo nkhope yawo inatulukira pa galasi, ndevu ndi zonse. Tinayambiranso, koma ulendo uno ndinakweza foniyo m'mwamba pang'ono ili m'kati mowerenga, ndipo inadukiza pomwepo.

Anayang'ana kwa kanthawi, kenaka anati, "Ndiye kuti kameneka n'kogontha chonchi? Nanga ndikasunge bwanji kuti kasafe?"

Ndinawauza kuti asaiike m'thumba la kumbuyo n'kukhalira pa njinga ya moto, asaipinde, isanyowe, isayandikire moto kapena simbi, ndipo pa chikuto pasabooledwe ndi sitepula kapena phini. Anati kunyumba ali ndi chitini cha mabisiketi chimene amasungamo makalata a fodya ndi chiphaso cha unzika. Ndinati chitinicho n'chabwino, chifukwa chitsulo chimatchinga mafunde a wailesi, koma ayambe aikulunga m'pulasitiki kuopa chinyontho cha dzinja. Anaibweza m'thumba la mkanjo, nanyamuka kukakwera galimoto ya ku Bolero dzuwa lisanalowe.